Tinyenyezi tating'ono tadzaza m'thanki yanga ya makorali: ndichotse kapena ndisiye?

Funso lochokera kwa wowerenga wa mu mzinda wa Tete:

"Zikomo bambo. Ine kwathu ndi ku Ulongwe, ku Angónia, koma ndimagwira ntchito kuno ku Tete. Chaka chatha mnzanga amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, pochoka, anandigulitsa thanki yake ya madzi a mchere ya malita 250 pamodzi ndi miyala, makorali ndi nsomba zinayi. Zonse zinkayenda bwino. Koma miyezi iwiri yapitayi ndayamba kuona tinyenyezi tating'ono totuwa titakakamira pa galasi m'mawa. Tina tili ndi miyendo isanu, tina isanu ndi iwiri, tina itatu yokha. Ine sindinaguleko zimenezi. Mwezi uno wa Okutobala makorali anga a mtundu wa zoanthid atseka, sakutsegukanso, ndipo ndinapeza kanyenyezi kamodzi katakhala pamwamba pake. Wina wandiuza kuti tidya makorali onse, choncho nditulutse miyala ndiiwiritse. Winanso akuti ndisiye, n'tothandiza. Ndimvere ndani?"

Achimwene, mtima pansi. Thanki yanu siinaonongeke, ndipo pafupifupi aliyense amene wasunga makorali (zamoyo za m'nyanja zimene zimamera zitakakamira pa miyala) kwa nthawi ndithu anakumanapo ndi tinyama ta m'nyanja tooneka ngati nyenyezi timeneti. Koma tisanapite patali, chonde malangizo owiritsa miyalawo musawatsate. Makorali a zoanthid, ofewa aja okhala ndi timitu tooneka ngati timaluwa, makamaka abale awo otchedwa Palythoa, ena mwa iwo amakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin, amene ali m'gulu la mapoizoni amphamvu kwambiri opezeka m'nyanja. Mwala wokhala ndi makorali amenewa ukawiritsidwa, kapena kuthiridwa madzi otentha, kapena kukwechedwa ndi burashi uli wouma, poizoniyo amauluka ndi nthunzi n'kulowa m'mapapo a aliyense amene ali m'nyumbamo. Ku Ulaya ndi ku America zachitikapo kuti banja lonse lagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mwala umodzi wa m'thanki. Tinyenyezi tanuto sitingakuchiteni kanthu, koma mphika wa madzi owira uja ungathe.

Tsopano tikambe za alendo anuwo. Osunga makorali amatitchula kuti Asterina. Tili m'banja la Asterinidae, ndipo akatswiri atalisanthulanso banjali mu 2004, mitundu yambiri ya m'nyanja zofunda, imene ndi yomwe imafika m'mathanki athu, inaikidwa m'gulu la Aquilonastra. Izi zikutikhudza pa chifukwa chimodzi: si mtundu umodzi ayi. Ndi mitundu ingapo yofanana kwambiri, yoti munthu sangaisiyanitse ndi maso okha, ndipo kadyedwe kake si kamodzi. N'chifukwa chake anzanu awiri aja akutsutsana chonsecho aliyense akunena zimene zinamuchitikira kapena zimene anamva kwa munthu amene zinamuchitikiradi.

Tinabwera titabisala m'mabowo a miyala kapena kunsi kwa tizidutswa timene makorali amamatidwapo. Mwina tinalimo kale pamene mnzanuyo ankakugulitsani thanki, kungoti tinali tochepa. Sitikula kwenikweni, tambiri sitipitirira sentimita imodzi, ndipo masana timakonda kubisala. Miyendo yosalinganayo si bala kapena matenda. Timachulukana podzigawa pakati: kamodzi kamang'ambika kukhala tiwiri, chidutswa chilichonse n'kumeretsa miyendo imene ikusowa. Mukaona kali ndi miyendo itatu yaitali ndi ina itatu yongotumphuka kumene, dziwani kuti kagawika posachedwa. Sitifunika kukhala kakakazi ndi kakamuna, kamodzi kokha n'kokwanira kuyambitsa mtundu. Ndipo apa pali phunziro loti muligwiritse: kuduladula kapena kuphwanya ndi maginito opukutira galasi sikupha, nthawi zina kumangothandiza kuti tichuluke.

Kadyedwe kake n'kodabwitsa. Kamwa kali kunsi kwa thupi. Kakafika pa chakudya kamatulutsa chifu chake kunja, kuchiyala pamwamba pa mwala kapena galasi, kugaya zimene zili pamenepo, kenako kubweza chifucho m'kati. Mukayang'anitsitsa kamene kali pa galasi, mudzaona kachikopa konyezimira pakati pa miyendo. Chimenecho ndicho chifu. Chakudya cha tambiri ndi ndere zopyapyala zija zofiirira zimene zimamera pa galasi, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga kautoto koterera pa miyala, ndi zotsalira za chakudya cha nsomba. Pa mbali imeneyi mnzanu wachiwiri uja sananame. Timagwira ntchito yoyeretsa, ngakhale kuti ine sindingatitamande kwambiri: nkhono zingapo za m'nyanja zimayeretsa malo aakulu kuposa tinyenyezi mazana.

Mlandu woyamba umene timapezeka nawo ndi kudya ndere zolimba zija zapinki ndi zapepo zimene zimakuta miyala ndi galasi la kumbuyo. Mukaona timadontho toyera tozungulira pa utoto wapinkiwo, kawirikawiri ndi pamene kanyenyezi kanakhala usiku. M'thanki imene kashiamu ali pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni), ndipo alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa asidi, ili pakati pa 7 ndi 9 pa muyezo wa dKH, nderezo zimamera msanga kuposa mmene zikudyedwera, moti simungadandaule. Tikachuluka mopyola muyezo, miyala imayamba kutuwa.

Mlandu wachiwiri ndi umene mwafunsa, ndipo apa ndi pofunika kudekha. N'zoona kuti ilipo mitundu ina imene imadya makorali amoyo. Osunga makorali ambiri aonapo zoanthid zikutha mmodzimmodzi, komanso makorali a nthambi monga Acropora akuyera kuyambira m'munsi, tinyenyezi titaunjikana pomwepo. Sindikutsutsa zimenezo. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikusamalira mathanki ndi kuona a anthu ena, nthawi zambiri kanyenyezi kopezeka pa korali wodwala kamakhala kuti kabwera chifukwa koraliyo wayamba kale kuola. Ntchentche zikaunjikana pa chilonda cha ng'ombe, sitinena kuti ndizo zaibaya. Korali akayamba kufa amatulutsa mamina ndi minofu yosungunuka, ndere zimayamba kumera pa iye, ndipo kanyenyezi kamatsata fungolo. Mwini thanki akadzuka m'mawa amapeza kali pamalo a ngozi, mlandu n'kukagwera.

Mudzamvanso anthu akunena kuti toyera ndi totuwa n'tabwino, koma takuda kapena tamawanga ofiira ndi abuluu ndi timene timadya makorali. Ine lamulo limenelo sindilikhulupirira mokwanira. Mtundu wa khungu umasintha ngakhale pakati pa tinyenyezi ta fuko limodzi. Chimene chimaweruza ndi khalidwe, osati maonekedwe. Enanso amachita mantha chifukwa anamva za nyenyezi yaminga yotchedwa Acanthaster, imene imawononga makorali ku Great Barrier Reef ku Australia. Imeneyo ndi chinyama china, chachikulu kuposa mbale yodyera, ndipo tanuto sitidzakula kufika pamenepo.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti tanu tili mbali iti? Pezani tochi, makamaka ya kuwala kofiira, kapena kutani tochi wamba ndi pulasitiki yofiira. Pakapita maola awiri magetsi a thanki atazima, yang'anani. Chitani zimenezi mausiku angapo motsatizana. Muone kumene tambiri tili. Ngati tili pa galasi, pa mapaipi ndi pa miyala yopanda kanthu, ndipo pa makorali pali kamodzi kapena tiwiri tongodutsa, muli ndi todya ndere. Korali wa zoanthid amatseka chilichonse chikamuyenda pamwamba, ngakhale nkhono, ndipo amatsegukanso mawa lake. Koma ngati usiku uliwonse mukupeza tingapo titakwera pa makorali athanzi, ndipo mukakanyamula kunsi kwake mwatsala bala, kapena mutu wa korali wafota pamene dzulo unali bwino, pamenepo muli ndi umboni. Jambulani ndi foni malo omwewo tsiku lililonse, chifukwa maso amaiwala.

Pali njira ina imene ndimaikonda chifukwa imathetsa mkangano. Tengani kachidutswa kakang'ono ka zoanthid kathanzi, kotseguka bwino, mukaike m'kabokosi ka pulasitiki koboola timabowo tating'ono kwambiri, kabokosiko kakhale m'thanki momwemo kuti madzi azidutsa. Ikanimo tinyenyezi tisanu kapena khumi timene mukutikayikira. Pakatha sabata, ngati koraliyo ali bwinobwino ndipo tinyenyezi tikungoyenda m'makoma a kabokosi, mwatipeza osalakwa.

Kunena zoona, nditawerenga kalata yanu maso anga sanaime pa tinyenyezi. Anaima pa mawu awiri: Tete ndi Okutobala. Inu mukuudziwa mzinda wathuwu mmene umakhalira mvula isanagwe, kutentha kumapyola madigiri 40 masana, ndipo usiku makoma amakhala akutulutsabe moto. Kwanu ku Ulongwe, kumtunda kozizira kuja, thanki ngati imeneyi ikanafuna chotenthetsera madzi mwezi wa Juni. Kuno m'chigwa cha Zambezi vuto ndi lina. Makorali amafuna madzi a pakati pa madigiri 24 ndi 27. Madzi akafika 29 kapena 30 n'kukhala choncho masiku angapo, makorali amatseka, amataya tindere tating'ono timene timakhala m'minofu yawo ndi kuwadyetsa, n'kuyamba kuyera. Mapampu ndi magetsi a thanki nawonso amawonjezera kutentha. Simunandiuze kuti madzi anu akufika madigiri angati, ndiye lero lomwe yezani kawiri: m'mawa kwambiri ndi cha m'ma 4 koloko madzulo. Ndikukayika kuti wolakwa weniweni mumupeza pamenepo.

Kutentha kumabwera ndi mnzake. Madzi akamauma, mchere suuma nawo, umatsala m'thanki. Thanki ya malita 250 ikhoza kutaya malita angapo pa tsiku nyengo ino, ndipo mchere umakwera mwakachetechete. Muyezo woyenera ndi 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere chanu, kapena 35 ppt (magawo 35 pa 1,000). Madzi obwezeretsa amene auma akhale opanda mchere, ndipo muzithira pang'onopang'ono tsiku lililonse m'malo modikira sabata n'kukhuthula chidebe chonse nthawi imodzi. Kusinthasintha kwa mchere kumatseketsa zoanthid msanga kuposa kanyenyezi kalikonse.

Funso lina ndi lakuti madzi obwezeretsawo mukuwatenga kuti. Ngati ndi a pampopi kapena a pa mjigo, mukulowetsa michere yosungunuka yotchedwa silicate ndi phosphate, zimene ndi chakudya cha ndere zofiirira zija, ndipo nderezo ndi chakudya cha tinyenyezi. Apa m'pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Nyengo yotentha mumathira madzi ambiri, ndere zimachuluka, tinyenyezi timakhuta n'kumagawika, ndipo nthawi yomweyo makorali akuvutika ndi kutentha. Mwini thanki amaona tinyenyezi tachuluka, makorali atseka, n'kulumikiza ziwirizo, chonsecho zonse zachokera ku gwero limodzi. Madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), amene amachotsa michere imeneyi, ndiwo oyenera. Makinawo ndi odula poyamba, koma kwa munthu wosunga makorali kuno si chinthu choti n'kuchizemba.

Kuziziritsa thanki, yambani ndi zotsika mtengo. Chotsani chivundikiro, ikani fani yoti iziwomba pamwamba pa madzi, imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, nthawi zina kuposa apo, ngakhale imawonjezera kuuma kwa madzi. Sinthani nthawi ya magetsi a thanki kuti aziyaka madzulo ndi usiku m'malo mwa masana. Thanki isawombedwe ndi dzuwa la pa windo. Tsiku loipa kwambiri, ikani m'madzimo botolo la madzi oundana lotsekedwa bwino, koma musatsitse kutentha mwadzidzidzi. Ngati thumba likulola, makina oziziritsira madzi kapena oziziritsira chipinda ndiwo yankho lokhalitsa. Ndipo khalani ndi kapampu ka mpweya ka mabatire. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndipo mphepo ya mvula zoyamba ikagwetsa mawaya magetsi n'kuthima maola angapo, nsomba zanu zinayi zija ndizo ziyambe kuvutika.

Musaiwalenso kuti zoanthid zili ndi adani ena obisala bwino kuposa tinyenyezi. Pali tinkhono topanda chigoba timene timatenga mtundu wa korali amene tikudya, moti kutiona n'kovuta, ndipo timaikira mazira oyera opindika mozungulira m'mbali mwa mitu yotseka. Pali nkhono yozungulira yamawanga akuda ndi oyera yotchedwa Heliacus, imene imayamwa zoanthid. Palinso tizilombo ta miyendo isanu ndi itatu tooneka ngati akangaude. Tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane pakati pa mitu ya koraliyo. Koma mukaona timiyendo toonda ngati ulusi, tamizeremizere, tikutuluka m'mabowo a mwala nthawi yodyetsa nsomba, timeneto ndi tinyenyezi ta mtundu wina, ta miyendo yothyoka msanga. Tisiyeni, timatola zinyenyeswa ndipo sitikhudza makorali.

Tinene kuti mwafufuza ndipo mwatsimikiza kuti tanu tikudyadi makorali, kapena tangochuluka moti thanki sikuonekanso bwino. Njira yodalirika ndi manja. Dzukani m'mawa magetsi a thanki asanayake, nthawi imene tambiri timakhala tili pa galasi. Kankhani ndi kakhadi ka pulasitiki, kapena tolani ndi kopanira kakang'ono, kapena yamwitsani ndi kapaipi pamene mukusintha madzi. Chotsani kathunthu, musasiye chidutswa. Totolato tiikeni m'madzi opanda mchere, timafa msanga chifukwa matupi ake satha kupirira kusintha kwa mchere, kenako tayani ku dzala. Mukachita izi m'mawa uliwonse kwa milungu iwiri kapena itatu, chiwerengero chimatsika kwambiri. Kutheratu sikutheka, tina timatsala m'mabowo, ndipo musadzivutitse kufuna kutimaliza.

Pamodzi ndi kutola, chepetsani chakudya. Nsomba zinayi sizifuna zambiri, zipatseni zimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Sinthani madzi okwana gawo limodzi mwa magawo khumi sabata iliyonse kapena pakatha sabata ziwiri, mukuyamwitsa zinyalala za m'makona. Nitrate, amene amachokera ku zonyansa za nsomba ndi zotsalira za chakudya, akhale cha pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate asapitirire 0.1 ppm. Koma musalimbikire kuti zifike pa ziro, chifukwa zoanthid zimafota m'madzi oyera mopitirira muyezo. Chakudya chikachepa, tinyenyezi timachepa tokha.

Mankhwala musathiremo. Palibe mankhwala amene amasankha kanyenyezi n'kusiya korali. Makamaka aja okhala ndi kopa, ochizira nsomba za mawanga oyera, amapha makorali, nkhono ndi zonse zopanda msana, ndipo amalowerera m'miyala n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

Wina adzakuuzani za kamarawu (wachibale wa nkhanu) wotchedwa harlequin, Hymenocera picta. Ndi kanyama kokongola zedi, koyera kokhala ndi mawanga aakulu apinki kapena abuluu, kotalika pafupifupi masentimita asanu, ndipo n'zoona kuti amadya tinyenyezi timeneti. Vuto lake n'lakuti sadya china chilichonse koma nyenyezi za m'nyanja. Akamaliza ta m'thanki yanu, zimene zingatenge milungu kapena miyezi yochepa, amayamba kufa ndi njala, pokhapokha muzimugulira nyenyezi zamoyo zoti azidya. Munthu wokhala ku Maputo kapena ku Johannesburg angathe kutero, kapena kumupereka kwa mnzake amene ali ndi vuto lomwelo. Ife kuno, nyanja yapafupi ili ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Nyenyezi zomudyetsa mudzazitenga kuti mwezi ndi mwezi? Komanso ngati muli ndi nyenyezi yaikulu yokongoletsa thanki monga Linckia kapena Fromia, adzaigubuduza n'kuyamba kuidya, ndipo nsomba zina zolusa zimamudya iyeyo. Kwa inu, ine ndikuti ayi.

Mukadzagula korali watsopano, muyang'aneni kunsi, m'mbali ndi m'ming'alu, mumuviike m'mankhwala otsukira makorali motsatira malangizo a pa botolo, ndipo ngati n'kotheka akhale kaye m'kathanki kapadera milungu ingapo. Gulani kwa anthu amene amaweta makorali awo. Musatume munthu kuti akakutolereni miyala ku gombe: malo ngati zilumba za Bazaruto ndi otetezedwa kuyambira 1971, ndipo miyala yotola m'nyanja ndiyo imabwera ndi alendo ambiri osaitanidwa. Makorali olimba ali pa ndandanda wachiwiri wa mgwirizano wa mayiko wa CITES, woyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, choncho kuwadutsitsa pa malire, kaya pa Zóbuè kapena pa Cuchamano, kumafuna zikalata.

Ndi liti pamene muyenera kufuna thandizo lina? Ngati mwakonza kutentha ndi mchere koma pakatha sabata ziwiri zoanthid sizinatseguke, kapena mitu ikusungunuka, kapena korali wolimba akusenda minofu n'kutsala woyera m'tsiku limodzi, kapena pamera zinthu zoterera zofiirira pamwamba pake, musadikire. Jambulani pafupi, yezani kutentha, mchere, alkalinity, kashiamu, nitrate ndi phosphate, mutumize zonsezo kwa munthu wodziwa makorali kapena ku sitolo yogulitsa za m'nyanja. Chithunzi chopanda manambala sichithandiza kwenikweni. Mukafuna kudziwa mtundu weniweni wa kanyenyezi, jambulani pamwamba ndi kunsi kali pafupi ndi rula. Ngakhale zili choncho, dzina lenileni limafuna katswiri wokhala ndi maikulosikopu, monga a zamoyo za m'nyanja a ku Universidade Eduardo Mondlane, amene ali ndi malo ofufuzira pa chilumba cha Inhaca.

Ndipo poti mukhala mukulowetsa manja pafupi ndi zoanthid masiku akubwerawa, valani magolovesi, ndiponso magalasi oteteza maso mukatulutsa mwala m'madzi, chifukwa makoraliwa amatha kuthovola madzi akafinyidwa. Musagwire muli ndi bala pa dzanja, ndipo ana asaseweretse madzi amene mwachotsa m'thanki. Mukamva kuwawa kwachitsulo m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa, kubanika kapena kuphwanya kwa minofu mutagwira ntchito m'thanki, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi aliyense wa m'nyumbamo amene akumva chimodzimodzi. Madzi akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenako pitani. Poizoniyu alibe mankhwala omuthetsa mwachindunji, madokotala amathandiza kupuma ndi kuteteza impso, ndipo kuno ambiri sangaganize za korali munthu akabwera ndi malungo. Lembani mawu akuti palytoxin pa pepala, mulimate pa kabati ya thanki, kuti tsiku limenelo mudzangolitenga n'kukawaonetsa.